Kuphunzitsa ndi zithunzi zozungulira za 360: kuyambira pojambula mpaka m'kalasi

Chithunzi chozungulira, chomwe ambiri amangoti cha 360, chimatenga mbali zonse nthawi imodzi: kutsogolo, kumbuyo, kudenga ndi pansi pomwe. Mukachitsekula ngati chithunzi wamba chimaoneka chopindika, makoma atakhota ngati uta, ndipo mulitali mwake mumakhala kawiri mulifupi mwake, monga timadontho (ma pixel) 4096 kwa 2048. Mukachitsekula m'pulogalamu yake, wophunzira amakhala ngati waima pakati pa malowo n'kumatembenuka yekha, kaya ndi chala pafoni, ndi mausi pakompyuta, kapena ndi mutu atavala magalasi a VR, ovala kumaso okhala ndi sikirini mkati. Kuyenda ndiye sangayende, kusuzumira kuseri kwa thumba sangathe. Amangozungulira ali pamodzimodzi. Malire amenewa muwadziwiretu, chifukwa ndiwo amene akuuzeni phunziro loyenera njirayi ndi losayenera.

Titsata chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: nyumba yosungiramo mtedza, yonga zomwe magulu a alimi ali nazo m'misika ya m'boma la Kasungu. Ophunzira akhoza kukhala ana a kusekondale pa phunziro la zaulimi, kapena alimi otsogolera amene mlangizi wawasonkhanitsa. Njira yake ndi yomweyo mukafuna kujambula labotale ya sukulu yomwe ili ndi zipangizo kuti ana a CDSS yopanda labotale aione, kapena chipinda chosungira katemera pophunzitsa alangizi a zaumoyo.

1. Lembani funso musanagwire kamera

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amajambula malo okongola, ana n'kuti "eee!", kuzungulira kawiri, basi phunziro latha popanda chomwe atola. Chithunzi chozungulira chimaphunzitsa pokhapokha wophunzira ali ndi choti asake.

Tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi, mwachitsanzo: "Pezani zinthu zisanu ndi chimodzi m'nyumba muno zomwe zingachititse mtedza kugwira chuku, kudyedwa ndi makoswe kapena kuipitsidwa ndi mankhwala." Kenaka lembani zolakwikazo, ndipo muzikonze dala tsiku lojambula: matumba ena pasimenti popanda mapaleti, mulu wina wotsamira khoma, beseni la madzi pafupi ndi mtedza woti uswedwe, poti ena amawaza madzi kuti makoko afewe ndipo chuku chimayambira pomwepo, thumba la feteleza ndi botolo la mankhwala opopera pambali pa chakudya, bowo la khoswe pakona, chizindikiro cha denga lodontha pamwamba pa mulu. Muzimwaze mbali zonse, china kumbuyo kwa kamera, china kudenga, china pansi penipeni. Zikakhala zonse kutsogolo, chithunzi wamba chikanakwana ndipo mwangodzivutitsa.

Malo ojambula asapitirire anayi kapena asanu: pabwalo, pakhomo, pakati pa nyumba, pakona ya matumba, poyezera. Jambulani mapu ake papepala, malo alionse muwapatse nambala, ndipo mulembe mivi yosonyeza kuti kuchoka pa 2 munthu apita pa 3 kapena abwerera pa 1.

Dziwaninso kuti kamera ya 360 imachepetsa zinthu zakutali. Njovu 263 zomwe anazisamutsa kuchokera ku Liwonde kupita kumalo osungirako nyama a Kasungu mu 2022 mukhoza kuzipeza zikumwa madzi kudamu la Lifupa, koma m'chithunzi chozungulira njovu yomwe ili pa mamita 50 imaoneka ngati kachiswe, ndipo kuiyandikira ndi kamera n'kusewera ndi moyo. Zanyama jambulani ndi kamera wamba, mutapempha chilolezo kwa a nthambi yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire. Pamwamba pa phiri la Kasungu ndiye pabwino: tawuni yonse, msewu wa M1 ndi minda zimaoneka, ndipo ana akhoza kufananitsa zomwe akuona ndi mapu pa phunziro la Jogalafe.

2. Zipangizo

Kamera ya 360 ya magalasi awiri, monga Ricoh Theta kapena Insta360, ndiyo njira yachidule: mukadina kamodzi chithunzi chatheka. Theta SC2 imatulutsa chithunzi cha timadontho 5376 kwa 2688, chomwe n'chokwanira pa ntchito ino. Pamafunikanso kandodo koimikira kamera kokhala ndi timiyendo tating'ono pansi. Tripod yaikulu ya zogwirira zotuluka m'mbali imaoneka yonse m'chithunzi. Onjezani kansalu kofewa kopukutira magalasi, power bank, laputopu imodzi ndi fulashi. Kamera imodzi ikhoza kusungidwa ku TDC (malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'dera), sukulu zozungulira n'kumabwerekana, pakuti ntchito yojambula ndi ya tsiku limodzi pa teremu.

Ngati kamera palibe, foni imagwira, ngakhale kuti ntchitoyo ndi yotopetsa. Njira yake ili m'gawo lachinayi.

Magalasi a VR musathamangire kugula. Gulani pomaliza, mutaona kuti phunziro likuyenda pafoni ndi papulojekita.

3. Chilolezo

Kamera imeneyi imajambula ndi zomwe simukuziyang'ana. Musanadine, zungulirani muone makoma: kaundula wa mayina ndi ngongole za alimi, nambala zafoni zolembedwa pachitseko, kuchipatala makadi a odwala. Chotsani kapena phimbani. Munthu aliyense wooneka nkhope avomere polemba, ndipo ngati ndi mwana asaine kholo. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, ndipo nkhope ya munthu ndi dzina lake zili m'gulu lomwelo. Eni nyumba muwauzenso kuti zolakwika zomwe mwaika ndi zadala, ndipo musalembe dzina la gulu lawo pachithunzi, kuopa kuti ogula angadzachione n'kuyesa kuti ndimo amasungira mtedza wawo.

4. Kujambula

Imikani kamera pamsinkhu wa maso a wophunzira, mamita 1.5 kwa akuluakulu, kutsikirapo pang'ono kwa ana a kupulayimale. Ikakwera kwambiri woonera amamva ngati akulendewera, ikatsika amamva ngati wakwawa. Kandodo kaime chilili. Kakapendekeka, mzere wa pansi umakhota ngati funde, ndipo wovala magalasi amayamba chizungulire.

Magalasi awiri aja amalumikiza zithunzi zawo m'mbali mwa kamera. Chinthu chomwe chili pafupi ndi mzere wolumikizirawo chimaduka kapena kuoneka pawiri. Choncho chilichonse chikhale mita imodzi kapena kupitirira kuchokera pa kamera, ndipo chinthu chofunika kwambiri chiyang'anizane ndi galasi limodzi mwachindunji. Koma musachitalikitsenso: bowo la khoswe likapitirira mamita atatu silioneka.

Kuwala ndiye vuto lalikulu m'nyumba zosungiramo mbewu, poti mkati mumakhala mdima pomwe pakhomo dzuwa likuthobwa m'maso. Tsekulani zitseko ndi mawindo onse, yatsani HDR (njira ya kamera yolinganiza mdima ndi kuwala), ndipo jambulani m'mawa isanakwane 9 koloko kapena madzulo itadutsa 3 koloko. Panja, tembenuzani kamera kuti dzuwa limenye m'mbali mwake, magalasi onse awiri alandire kuwala kofanana. Likamenya galasi limodzi, theka la chithunzi limawala theka lina n'kuda, mzere woonekeratu pakati. M'miyezi ya fumbi, Seputembala ndi Okutobala, pukutani magalasi pa malo alionse. Magalasiwo ndi otulukira kunja, ndiye amakalika msanga: musaigoneke kamera patebulo popanda kachikwama kake, ndipo kukakhala mphepo tsamiritsani timiyendo ndi thumba la mchenga.

Ikani nthawi ya masekondi 10, dinani, thawirani kuseri kwa chitseko. Mukhozanso kudina kudzera pafoni yolumikizidwa ndi kamera mutabisala pafupi. Malo alionse jambulani kawiri, ndipo onani chithunzicho pomwepo musanasunthe kandodo.

Mukatero tengani foni mujambule zithunzi wamba zapafupi: mtedza wachuku pachikhatho, zolemba pabotolo la mankhwala, ndowe za makoswe, nambala zapasikelo. Chifukwa chake ndi ichi: timadontho 5376 tija tagawidwa m'madigiri 360, kutanthauza pafupifupi 15 pa digiri iliyonse, ndipo woonera amaona gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzicho pa nthawi imodzi. Malemba ang'onoang'ono sawerengeka. Zithunzi zapafupizi muzidzazimata pamalo pake m'gawo lotsatira.

Ojambula ndi foni yokha achite motere. Mangani chingwe pafoni pafupi ndi diso la kamera, kumapeto kwake kamwala, ndipo pansi lembani kamtanda ndi choko. Kamwalako kazilendewera pamwamba pa kamtanda nthawi zonse. Cholinga n'choti foni izizungulira pamalo amodzi inu n'kumaizungulira. Mukaima inu pakati n'kumazunguza foni ndi mkono, mizere ya njerwa ndi malata sidzakumana polumikiza. Gwirani foni choimika, dinikizani chala pasikirini mpaka kuwala ndi fokasi zitakhazikika, kenaka jambulani zithunzi 12 mozungulira, chilichonse chikubwereza gawo limodzi mwa magawo atatu a chinzake. Bwerezani mzere wina foni itayang'ana m'mwamba ndi madigiri 45, wina itayang'ana pansi chimodzimodzi, kenaka chimodzi chadenga ndi chimodzi chapansi. Zonse 38. Zilumikizeni pa laputopu ndi pulogalamu yaulere ya Hugin. Makoma oyera opanda chizindikiro amaisokoneza pulogalamuyi, ndiye matanipo makalendala kapena mapepala musanayambe. Mukaona malangizo akale onena za pulogalamu ya pafoni ya Google Street View, dziwani kuti anaitseka mu 2023.

Kanema wa 360 musiyeni kaye. Mphindi imodzi imadya ma MB mazanamazana, mafoni otsika mtengo amajejema, ndipo kamera ikamayenda woonera amachita nseru.

5. Kulumikiza malo ndi kuika mafunso

Poyamba chepetsani zithunzi zonse zifike 4096 kwa 2048, mtundu wa JPG. Mafoni akale amangoonetsa mdima akapatsidwa chithunzi chachikulu kuposa apa. Chilichonse chikhala cha ma MB awiri kapena atatu. Musadule m'mbali ngakhale pang'ono, chifukwa muyeso uja wa kawiri kwa kamodzi ukasokonekera chithunzi chimafinyika. Zoyamba zija, zazikulu, zisungeni padera osazikhudza.

Mapulogalamu a Google Expeditions ndi Tour Creator, omwe aphunzitsi ambiri kunja ankadalira, anatsekedwa mu 2021, ndipo maphunziro omwe aphunzitsi anapanga okha m'menemo anapita nawo. N'chifukwa chake ndi bwino kusankha chida chomwe chimakusiyirani fayilo m'manja. Lumi ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta yopangira maphunziro okhala ndi timabatani ndi mafunso, otchedwa H5P. Intaneti imafunika poitsitsa ndi potsitsa mtundu wa phunziro wotchedwa Virtual Tour, kenaka mumagwira ntchito popanda bandulo.

Mukatsekula, pangani malo oyamba, apatseni dzina la Chichewa monga "Pakhomo", ndi kulowetsa chithunzi chake. Chitani chimodzimodzi ndi malo ena onse. Pa malo alionse tembenuzani chithunzi mpaka chiyang'ane komwe mukufuna wophunzira ayambire, n'kusunga poyambira pamenepo. Apa samalani: munthu akachoka pakhomo kulowa mkati, apezeke akuyang'ana kutsogolo komwe amalowera. Akapezeka akuyang'ana chitseko chomwe wangolowera, mutu umasokonekera ndipo mapu a nyumbayo samugwira. Mivi yopitira malo ena muiike pazitseko ndi panjira zenizeni, ndipo paliponse pakhale muvi wobwerera.

Tsopano timabatani ta zithunzi zapafupi, mawu ndi mafunso. Pa malo amodzi tisapitirire tinayi. Ngati pa cholakwika chilichonse mwaika batani, mwaulula mayankho, ana azingosaka timabatani osayang'ana nyumba. Pangani mafayilo awiri: yoyamba ya mivi yokha, yosakira, yachiwiri ya timabatani ndi kufotokoza, yokambirana pambuyo. Kwa alimi amene kuwerenga kumawavuta, jambulani mawu pafoni, masekondi 20 kapena 30 pa batani, mlangizi akulankhula monga amalankhulira kumunda.

Pomaliza tulutsani phunzirolo ngati fayilo imodzi ya HTML, mtundu womwe umatseguka ngati tsamba la pa intaneti. Odziwa za makompyuta akhoza kugwiritsanso ntchito Pannellum kapena Marzipano, zomwenso ndi zaulere, koma Pannellum siitseguka bwino pongodina fayilo, imafuna seva, kompyuta yogawira zida zina mafayilo.

6. Kufikitsa phunziro m'mafoni popanda bandulo

Tumizani fayiloyo ndi chingwe, Bluetooth, Xender kapena Quick Share, n'kuitsekula ndi Chrome. Yesani pa foni yofooka kwambiri mwa onse amene mugwiritse ntchito, osati yanu. Mukatumiza chithunzi cha 360 pa WhatsApp, tumizani ngati document. Mukachitumiza ngati chithunzi wamba amachifinya n'kufufuta uthenga wobisika womwe umauza mapulogalamu ngati Facebook kuti ndi chozungulira.

Njira ina ndi kusandutsa laputopu kukhala seva. Yatsani hotspot pa foni imodzi, data ili yothima, lumikizani laputopu ndi mafoni onse. Pa laputopu yokhala ndi Python, lowani m'foda ya phunziro mulembe python -m http.server 8000. Pa mafoni tsekulani Chrome mulembe adiresi ya laputopuyo, yoyamba ndi 192.168 nthawi zambiri, kumapeto :8000. Hotspot ya foni imalola zida zochepa, kawirikawiri khumi, ndiye gulu likakula pamafunika rauta. Mwa njira imeneyi kutembenuza ndi chala kumatheka, koma kutembenuza pozunguza foni kumakana, chifukwa Chrome salola masamba opanda https kuwerenga kayendedwe ka foni. Si foni yaonongeka.

7. M'kalasi

Tiyerekeze ana 60, mafoni 6, piriyodi ya mphindi 40. Tchajani zonse dzulo lake, magetsi a ESCOM musawadalire pa ola la phunziro. Mafoni akhale pa airplane mode ngati fayilo ili kale mkati.

Mphindi zisanu zoyamba onetsani papulojekita kapena pa laputopu mmene amatembenuzira ndi mmene amadinira muvi, pogwiritsa ntchito chithunzi cha pabwalo chomwe chilibe mayankho. Lembani funso lija pabolodi. Gawani kalasi pawiri: 30 apite pamafoni, asanuasanu, kwa mphindi khumi, pomwe 30 enawo akulemba m'makope mmene nyumba yabwino yosungiramo mtedza iyenera kukhalira. Kenaka asinthane. Pagulu lililonse mmodzi atembenuze, mmodzi alembe, ndipo foni izisintha manja pa malo alionse atsopano. Mukapanda kulamula zimenezi, foni imathera m'manja mwa mnyamata mmodzi wozolowera, atsikana ndi ofatsa n'kumangoonera pamapewa.

Mawu akuti "taonani apa" alibe ntchito, poti gulu lililonse likuyang'ana kwake. Lozerani ndi zinthu: "Yang'anani chitseko, tembenukirani kumanja mpaka muone sikelo, tsono kwezani maso."

Mphindi khumi zotsatira tsekulani fayilo yachiwiri ija pamaso pa onse. Gulu lililonse litchule chimodzi chomwe lapeza ndi kufotokoza chifukwa chake n'cholakwika: simenti imatulutsa chinyezi cholowa m'thumba, mulu wotsamira khoma umatseka mpweya ndi kubisa makoswe. Kuphunzira kwenikweni kumachitika apa, ndiye nthawi ikachepa dulani kwina, osati pano. Zisanu zomaliza aliyense alembe yekha zomwe angakonze poyamba atapatsidwa nyumbayo.

Pofuna kudziwa ngati amvadi, musawayese ndi chithunzi chomwecho, angoloweza malo. Tsiku lojambula lija sunthani zolakwikazo muziike pena, muonjezere china chatsopano, mujambulenso. Chachiwiricho ndicho cha mayeso. Ndipo zomwe chithunzi sichingaphunzitse bweretsani m'kalasi: mtedza wouma ndi wosauma m'mbale, augwedeze amve kulira kwake m'makoko, aununkhize.

8. Magalasi a VR, mukafika pamenepo

Otsika mtengo ndi a mtundu wa Google Cardboard, womwe unatuluka mu 2014: kabokosi ka katoni kapena pulasitiki ka magalasi awiri, foni n'kulowa kutsogolo. Foniyo iyenera kukhala ndi gyroscope, kachipangizo komva kutembenuka, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo alibe. Yesani musanagule mabokosi: tsekulani kanema wa 360 pa YouTube, zunguzani foni. Chithunzi chikapanda kutsatira, foniyo ndi ya chala basi. Phunziro la H5P lija silidzigawa pawiri kuti diso lililonse lione mbali yake, choncho m'kabokosi muziika zithunzi za JPG zokha kudzera m'pulogalamu yoonetsera zithunzi za 360, mafunso n'kumafunsa pakamwa. Magalasi odziimira paokha ngati Meta Quest amaoneka bwino kwambiri, koma batire yake imatha pa maola awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo kampani yake siilola ana osakwana zaka 10.

Wovala akhale pampando wopanda chotsamira kuti azitembenuka bwino, mnzake ataima pambali. Mphindi zitatu mpaka zisanu zakwana. Muuzeni atembenuze mutu pang'onopang'ono ndipo asaweramire kutsogolo: thupi likasuntha chithunzi osasuntha, maso ndi khutu lamkati zimatsutsana, nseru n'kuyamba. Akangoti mutu kapena chizungulire, avule pomwepo, musamukakamize kumaliza. Amene amadwala khunyu aonere pasikirini. Mwana akanena kuti akuona pawiri, mwina foni sinakhale pakati penipeni pa kabokosi, kapena magalasi atalikirana kuposa maso ake, poti ambiri anapangidwira akuluakulu omwe maso awo amatalikirana pafupifupi mamilimita 63.

Ukhondo musauchepetse. Matenda a maso ofiira, onga omwe anabuka m'dziko muno mu 2024 kuyambira ku Karonga, amayenda mosavuta pa chinthu chogusana nkhope. Pukutani pogusa nkhope munthu aliyense akavula, wa maso ofiira kapena otuluka manthongo asavale, ndipo mabokosi a katoni muwamate selotepi pamphumi chifukwa amamwa thukuta ndi mafuta odzola. Magalasi enieniwo pukutani ndi kansalu kouma, sipiriti amawononga pulasitiki yake. Musasiye magalasi atayang'ana dzuwa, ngakhale pawindo: amasonkhanitsa kuwala n'kuwotcha sikirini m'kanthawi kochepa. Foni ikatentha m'kabokosi itulutseni ipume, kuwala kwa sikirini mukuchepetse kufika theka.

9. Kusunga

Foda iliyonse ikhale ndi zithunzi zoyamba zazikulu, zochepetsedwa, fayilo ya H5P yomwe ingasinthidwe, ya HTML, pepala la mayankho ndi makalata a chilolezo. Dzina la foda litchule malo, mwezi ndi chaka. Koperani pa fulashi ziwiri, imodzi ikhale kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku TDC, kuti mwini laputopu akasamutsidwa phunziro lisapite naye. Pansi pa malo alionse pomwe munaimika kamera siyani kadontho ka penti. Mukadzabweranso m'dzinja, mvula ili mkati ndipo denga likudontha zenizeni, muimike pomwepo, kuti ana adzafananitse nyumba yomweyo m'nyengo ziwiri.